Zilembo zinayi zija, ndiwedi ameneyo?

Moni moni anzanga, takulandiraninso. Lero tikambe za matesiti a khalidwe amene angoti mbwee pa intaneti, aja oti uyankha mafunso mphindi khumi foni nkukuuza kuti ndiwe INFP, iwenso osachedwa wakalemba kale pa Instagram ngati dzina lachiwiri.

Zinayamba chonchi. Mu 1921 Carl Jung, dokotala wa za maganizo wa ku Switzerland, anatulutsa buku logawa anthu m'mitundu. Mayi wina wa ku America, Katharine Briggs, ndi mwana wake Isabel Myers anatola mfundozo nkupanga mafunso m'zaka za m'ma 1940, ndiye tesiti ya Myers-Briggs imeneyi, yogawa anthu m'mitundu 16, mtundu uliwonse ndi zilembo zake zinayi ngati INFP ija. Awiriwa sanachite kusukulu maphunziro a za maganizo, anangozikonda basi.

Tsono vuto lake ndi ili. Tenga E ndi I, wokonda pagulu ndi wokonda payekha. Tesiti imadula mzere pakati, koma ambirife tili pakati pomwepo. Tiyerekeze iwe wapeza 51, mnzako 49, anthu ofanana ndithu, koma wina apatsidwa E wina I ngati ochokera maiko awiri. Nchifukwa chake ukabwereza pakatha mwezi, mwina tsikulo wadzuka bwino, chilembo chimatha kusintha.

Nanga bwanji ukamawerenga zotsatira umamva ngati akukudziwa mpaka kumtima? Mu 1948 mphunzitsi wina, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake tesiti, kenako aliyense analandira pepala loti ndi lake lake. Anawafunsa kuti lalondola bwanji pa 5, anapereka pafupifupi 4.3. Kumachita kuseketsa, pepalalo linali limodzimodzi kwa onse! Mawu ake anali okwana aliyense, za kufuna kukondedwa, za kudzikayikira nthawi zina. Ndani sadzikayikira?

Akatswiri ambiri amadalira ina yotchedwa Big Five. Iyo sikuika m'bokosi, imangoonetsa kuti uli pati pa zinthu zisanu: kukonda zatsopano, dongosolo, kucheza, kugwirizana ndi anthu, ndi kutekeseka msanga. Siikoma kuika pa foni, koma ili bwinoko.

Ndiye tizitaye? Ayi, ine sindikutero. Ndili ndi zaka 16 ndinali ndi mnzanga amene tikakhala pagulu ankangoti duu, kenako wasowa osatsanzika, uthenga kuyankha mawa lake. Ndinkati amadzimva, mwinanso wandida. Tsiku lina tinachita tesiti limodzi pa foni yake yosweka galasi ija, tafika pa funso loti ukacheza ndi anthu ambiri umatopa kapena umapeza mphamvu, iye anadina kutopa mpaka kumapeto, ine ndadina mbali inayo. Tinayang'anizana. Akuti amwene, ndikachoka pagulu mutu umachita kulira, ndimafuna kaye chete. Zilembo zake ndinaiwala kalekale, koma funso limenelo ayi, linatipatsa poyambira nkhani imene tokha sitikanaiyamba.

Chimene chimandinyansa ndi pamene munthu wazaka 15 akuti ine ndine introvert, wokonda payekha uja, sindingalankhule kutsogolo kwa kalasi, kapena ndine P, chilembo cha osakonda kutsata ndondomeko, sindisunga nthawi. Aaa, usadzitsekere chitseko wekha. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, yoganiza kaye usanachite, imakulabe mpaka cha m'ma 25, ndipo anthu ambiri akamakula dongosolo limawonjezeka. Komanso matesitiwa sayeza matenda. Ngati kukhala wekhako kwabwera ndi kusagona, kusadya, kusafuna chilichonse kwa masabata, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira kapena wachipatala.

Yesani izi ndi mnzanu kapena m'bale wanu. Aliyense ayankhe zake, kenako musinthane, iwe umuyankhire mmene umamuonera, iyenso akuyankhire. Zilembozo zisiyeni kaye, pitani pa mafunso amene mwasiyana, mufunsane kuti iwe pamenepa unadiniranji chonchi?