Chimene chimapha batire la dirilo ndi kutentha

Zikomo amfumu, zikomo amisiri nonse amene mwachokera kwa Kamwendo, ku Kapiri ndi pano pa boma la Mchinji.

Landirani batire ili, muzipatsirana, aliyense alinyamule m'dzanja. Mwamva kulemera kwake? M'katimo muli timabatire 10 ta lithiyamu, kalikonse ka mavoti 3.6. Tisanu tikalumikizana motsatana timapereka mavoti 18, ndipo mizere iwiri yotero ndiyo yapanga batire la 5.0Ah limeneli. Nambala ya Ah imanena kuti mugwira ntchito nthawi yaitali bwanji musanatchajenso. Tsono wogulitsa akakupatsani lolembedwa 6.0Ah koma lopepuka ngati chikho chopanda madzi, m'bwezereni. Musawonjezerenso ndalama poti alemba 20V Max. Ndi 18V yomweyo, amangoliyeza litangochoka pa chaja. Popita kogula, nyamulani dirilo yanu, chifukwa batire la kampani ya Makita sililowa pa dirilo ya DeWalt kapena ya Bosch.

Koma chimene chimandiwawa ndi ichi. Mwezi wa Okutobala kalipentala ali padenga, akukhoma malata. Batire latha, walisiya pomwepo pa lata lotentha, dzuwa likuswa mtengo. Potsika walitenga likuotcha m'manja, n'kuliika pa chaja nthawi yomweyo. Abale anga, mukulipha! Kutentha kumadya mphamvu ya lithiyamu pang'onopang'ono, ndipo yapitayo sibwerera. Liikeni pamthunzi, lizizire kaye. Chaja chabwino chimakana chokha batire lotentha, kanyali kamangothwanima. Sichinawonongeke ayi, chikudikira.

Ena mwa inu munagwiritsapo mabatire akale a mtundu wa NiCd, amene ankati uziwamaliza kaye moto usanawatchajenso. Lithiyamu safuna zimenezo. Dirilo ikayamba kufooka, imani, musaikakamize. Nyengo ya dzinja mukapita kumunda n'kusiya zida miyezi ingapo, lichotseni pa dirilo, mulisunge lili ndi moto wa theka, pamalo pouma. Musaliponye m'thumba limodzi ndi misomali: msomali ukagunda timano take tiwiri, moto ungabuke. Magetsi akazima, zulani chaja pakhoma, poti nthawi zina amabwerera mwamphamvu.

Batire likatupa, likang'aluka kapena kununkha, musalitchajenso. Litulutseni m'nyumba, muliike pamchenga kutali ndi udzu ndiponso ana, ndipo musaliotche pamodzi ndi zinyalala, limaphulika.

Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.