Makalata a Omvera: "Borrow me" ndi anzake

Mwaswera bwanji nonse a mu Harare muno, a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, ndi inu a ku Epworth amene mukumvera pafoni. Thumba la makalata lero latupa, tisachedwe.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose amene amagulitsa tomato ku Mbare Musika. Akuti: "Bambo a pawailesi, mwana wanga wa Fomu 2 anandiseka mpaka misozi. Anandimva ndikuuza mnzanga kuti 'borrow me two dollars', iye nkumati ndaphwanya Chingerezi. Nanga si aliyense pamsika amatero?"

Mayi, mwanayo akunena zoona, koma pa kusekako mumutsine khutu pang'ono. Chakupunthwitsani ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife mawu akuti kubwereka amakwanira mbali zonse: ndabwereka khasu kwa aneba, aneba andibwereka khasu. Mngelezi anawang'amba pakati. Wotambasula dzanja kuti alandire ndiye wa "borrow", womasula mfundo ya chitenje nkutulutsa ndalama ndiye wa "lend". Choncho mawa mukafika pabenchi munene kuti "lend me two dollars", kapena "can I borrow two dollars". Zikakusokonezani, kumbukirani kukongola ndi kukongoza. Wokongola ndi wa "borrow". Sindikunena wokongola nkhope ayi, ameneyo tikambirana tsiku lina.

Yachiwiri ndi ya mnyamata amene amagwira ntchito ya m'dimba ku Borrowdale. Musanafunse, dzina limeneli silikhudzana ndi ngongole. Ndi la Henry Borrow, mmodzi wa azungu amene anafika kuno mu 1890. Mnyamatayu walemba kuti: "Pakutha pa mwezi abwana anandiuza kuti 'I will pay you just now'. Ndinakulunga paipi, ndinasamba m'manja, ndinaima pageti. Dzuwa linalowa ndili pomwepo, makombi opita kwathu nkuyamba kusowa. Kodi anandinamiza?"

Achimwene, sanakunamizeni, koma mawuwo ngoterera ngati therere. Kuno ndi ku South Africa, munthu akati "just now" ndiye kuti nthawi ina kutsogoloku, kaya pakatha ola, kaya madzulo. Akafuna kunena kuti posachedwapa amabwereza, amati "now now". Pomwe ku England "just now" kawirikawiri amanena za chimene changochitika kumene. Ulendo wina musaime pageti ngati mlonda. Funsani mwaulemu kuti "what time, sir?" kuti akutchulireni ola.

Komatu tisawade kwambiri, nafenso tili ndi zathu. Munthu amadzuka pampando, nkulunjika kukhomo, uku akuti "ndikubwera". Tikazitengera ku Chingerezi nkunena kuti "I'm coming" tikutuluka, mlendo amangoti kukamwa yasa: ukubwera bwanji ukupita? Pamenepo timati "I'll be back".

Iyi yalembedwa ndi dzanja lonjenjemera, pa pepala long'ambidwa m'kope. Ndi agogo a ku Highfield, kwawo ku Dedza, amene akuti anafika mzinda uno ukadali Salisbury, dzina lisanasinthe mu 1982. Akuti mdzukulu wawo wobadwira ku London anabwera kudzacheza, ndipo atamuuza kuti atsike kombi "pa robot" mwanayo anayamba kufunafuna chidole chachitsulo mumsewu.

Zikomo agogo, mwatilemekeza potilembera. Ku London kwa mdzukuluyo magetsi a pamsewu ofiira ndi obiriwira aja amawatcha "traffic lights". Kuwatcha maloboti ndi kwathu kuno kum'mwera kwa Africa. Ndipo mawu akuti "robot" si a Chingerezi kwenikweni. Anachokera ku chinenero cha Czech, ku mawu akuti "robota", kutanthauza ntchito yokakamiza. Inu agogo mukuidziwa bwino, makolo athu ankaitcha thangata.

Yomaliza ndi yaifupi. Mtsikana wa ku Chitungwiza akuti pofunsira ntchito anamufunsa za bambo ake, iye nkuyankha kuti "my father is late". Wofunsayo, mzungu wobwera kumene, anayang'ana wotchi nkufunsa kuti afika nthawi yanji.

Pepa mwana wanga, zinakupweteka zimenezo. Muno mu Harare aliyense akanamva kuti ukunena za malemu, koma kwa iyeyo "is late" ndi kuchedwa basi. Ukanati "my late father" akanamva. Tsiku lina udzangoti "my father passed away".