Kodi Linux imadziwa bwanji zida zimene zili mu kompyuta yanu?

Moni nonse. Tsegulani terminal pa Linux, windo lija lolembamo malamulo, mulembe zimene zikuoneka pa sikirinizi.

Pa sikirini: cat /sys/class/dmi/id/product_name

Dzina la laputopu yanu latuluka. Koma Linux yalitenga kuti? Sinatembenuze laputopuyo n'kuwerenga chomata cha kunsi ayi. Yachita kuuzidwa, ndipo amene waiuza ndi firmware, kapulogalamu kamene kamayamba kudzuka mukangoyatsa, kaja mumakadziwa ndi dzina loti BIOS kapena UEFI.

Zida zina sizifuna wozilankhulira. Fulashi mukailowetsa pa USB imachita odi yokha, n'kutchula manambala awiri: ya kampani imene inaipanga ndi ya mtundu wa chidacho. Zida za PCI, njira yolumikizira zida za mkati mwa kompyuta, chimodzimodzi. Lembani lspci -nn, mukaona 8086 dziwani kuti ndi Intel. Apa Linux imafunsa chidacho mwachindunji, firmware siilowererapo kwenikweni.

Vuto lili pa zida zosalankhula. Batire, batani loyatsira, kachida kodziwa kuti mwatseka chivundikiro, touchpad yolumikizidwa pa I2C (njira ya mawaya awiri yolumikizira tizida ting'onoting'ono). Zoterezi sizingadzitchule. Ngati palibe wonena kuti chakuti chili pa adiresi yakuti, Linux siidziwa n'komwe kuti chilipo.

Pa makompyuta ambiri a Intel ndi AMD, ntchito yodziwitsa Linux za zida zoterezi ndi ya ACPI, njira imene Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa mu 1996. Firmware imaika matebulo mu memory, ndipo lalikulu pa nkhani ya zida ndi DSDT. Linux ikawawerenga siibisa, imawayala mu sysfs, ija imaoneka ngati foda ya /sys, imene inabwera ndi Linux 2.6 mu 2003. Mafailo a m'menemo sali pa disiki. Nthawi iliyonse mukatsegula limodzi, kernel, womwe ndi mtima wa Linux, imakuyankhani pompo, ndipo mwambo wake ndi wakuti failo lililonse linyamule chinthu chimodzi basi.

Pa sikirini: ls /sys/bus/acpi/devices

Mayina awa asakuopseni. PNP0C0A ndi batire, PNP0C0C ndi batani loyatsira, PNP0C0D ndi chivundikiro. Lowani mu foda imodzi, mupeza failo lotchedwa hid, lokhala ndi nambala yomweyo, ndi lina lotchedwa path, loonetsa pamene chidacho chili mu DSDT. Draiva, pulogalamu yoyendetsa chidacho, imasankhidwa potengera nambala ya mu hid. A Windows musadandaule, manambala omwewa ali mu Device Manager, pa Details, pa Hardware Ids. Ofuna kuona gwero lenileni, matebulo osaphika ali mu /sys/firmware/acpi/tables, koma muyenera kukhala root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa Linux, ndipo kuti awerengeke pamafunika pulogalamu ya iasl.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Zimene mukuwerengazi ndi zonena za firmware, si kuti Linux yakazitsimikizira. Pa makompyuta ambiri omanga okha, mukafunsa dzina mumalandira mawu oti "To Be Filled By O.E.M." Kumeneko ndiye kuti wopanga bolodi anasiya malo oti dzina lidzalembedwe, palibe analemba, ndipo Linux yangokupatsirani momwemo. Ichi n'chifukwa chake mu kernel muli mindandanda italiitali ya makina amene firmware yake imanama, kuti draiva ikaona dzina la makinawo idziwe zochita.

China chimene chimandiseketsa: firmware imatha kufunsa kuti, kodi amene wabwerayu ndi Windows? Imafunsa kudzera mu _OSI. Linux imayankha kuti inde. Imatero dala, poti opanga ambiri amayesa makina awo ndi Windows yokha, ndiye njira ya Windows ndi imene imakhala yosalala.

Pamene izi zimathandiza msanga ndi pogula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito. Mu /sys/class/power_supply muli foda ya batire, kawirikawiri BAT0 kapena BAT1. Yerekezani energy_full ndi energy_full_design. Pa makina ena mayinawa amayamba ndi charge. Yoyambayo ndi mphamvu imene batire ikusunga lero, yachiwiriyo ndi imene inkasunga ili yatsopano. Ngati yoyamba ili theka la inzake, muli ndi poyambira kunenerera mtengo. Nambala ya siriyo ya laputopuyo ili mu /sys/class/dmi/id/product_serial, koma iyo amaitsekera root yekha, chifukwa imazindikiritsa makina anu enieniwo.

Kumbali ya makina a purosesa ya ARM, monga mafoni a Android ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, nkhani ndi ina. Kumeneko kuli device tree, mndandanda wofotokoza zida za pa bolodi, nzeru yochokera ku Open Firmware, imene inali mu makompyuta a Sun ndi ma Mac a PowerPC. Kale bolodi iliyonse ya ARM inali ndi failo lakelake la C mkati mwa kernel, mpaka mu 2011 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anakalipa kuti zachuluka. Kuchokera pamenepo kufotokoza zida kunayamba kusamukira m'failo lapadera limene bootloader, pulogalamu yodzutsa kernel, imapatsira kernelyo.

Pa sikirini: cat /proc/device-tree/model

Pa Raspberry Pi mzere umenewu ukupatsani dzina lonse la bolodi. Chida chilichonse ndi foda, ndipo failo lofunika kwambiri ndi compatible, limene limagwira ntchito yofanana ndi hid ya ACPI. Mafailo a manambala adzaoneka ngati zinyalala mukawatsegula ndi cat, chifukwa si malemba, gwiritsani hexdump.

Yesani izi ngati muli ndi Pi. Mu config.txt, failo limene firmware ya Pi imawerenga poyaka, onjezani dtparam=i2c_arm=on, muyatsenso. Firmware isintha device tree isanaipereke kwa kernel, ndipo failo la status la I2C ija, limene linali disabled, tsopano lilemba okay. Mawaya ndi mapini ndi omwe aja, simunakhudze chilichonse pa bolodi.