Makalata a Omvera: Ngongole ya Matenda

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Dómue, m'boma la Angónia ku Mozambique. Akuti: "Mayi a kunyumba anadwala m'nyengo ya dzinja, nkhokwe ili mbee. Kuchipatala cha boma anatilembera mankhwala, koma anati atha, tikagule kufamasi. Ndinatenga katapila, ndipo pokolola mbatatesi yonse inapita kwa mwini ndalama. Bwanji boma lingosiyira zipatala amalonda, tizilipira koma mankhwala azipezeka?"

Pepani bambo, tikukhulupirira kuti mayi ali bwino tsopano. Koma pa maganizo anuwa ine ndikukana. Mu 1975 boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse kuti wosauka naye azithandizidwa, ndipo zipatala zolipira zinaloledwanso mu 1991. Zilipo ndithu, koma muziona kumene zimamangidwa: mumzinda wa Tete, ku Beira, ku Maputo, komwe kuli anthu olandira malipiro pamwezi. Wamalonda angamange chipatala kumudzi komwe ndalama imaoneka pokolola pokha? Kuchipatala cha boma kuonana ndi dokotala ndi metikali 1, mankhwala mametikali 5. Chinakugwetsani m'katapila si malipiro amenewa ayi, ndi mankhwala osowawo. Onjezanipo njinga yamoto yonyamula wodwala, ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo za womudikirira. Mkwiyo wanuwo mupite nawo kukomiti ya zaumoyo, mukafunse kuti mankhwala amatha bwanji.

Ina yachokera kwa mayi wa ku Moatize. Iwo akuti anthu asamangodandaula: "Ife pamsika tili ndi xitique (gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana), wina akadwala timamupatsiratu ndalama ngakhale isanafike nthawi yake. Aliyense azisunga yekha."

Mayi, mwachita bwino, ndipo ena atengerepo phunziro. Kandalama kapadera ka matenda, kaya pagulu kaya pa M-Pesa, kamapulumutsa mbuzi ndi munda. Chonde kasamakhudzidwe pa chinkhoswe! Komabe xitique imakwana malungo ndi thiransipoti basi. Dokotala akanena kuti wodwala apite ku Beira, kapena pakafunika opaleshoni kuchipatala cholipira, gulu la amayi ogulitsa tomato lingasonkhe zingati? Pamenepo mpamene tonse timafunika thumba limodzi lalikulu, la misonkho yathu.

Inu a ku Zóbue ndi Calómuè amene mumawolokera ku Malawi kukafuna chithandizo, tilembereni kuti zimakutherani zingati. Tidzawerenga sabata yamawa.