Makalata a Omvera: Olemba za Ndale pa Intaneti, Ndende ndi Ufulu Wolankhula

Moni nonse omvera, kaya muli pakhonde kaya muli m'minibasi. Pulogalamu ya sabata yatha, yokamba za anthu omangidwa chifukwa cholemba za ndale pa intaneti, yautsa mapiri pachigwa. Makalata abwera ochuluka, ndipo lero ndiwerengapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa a Phiri, mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu. Akuti: "Bambo muulutsi, mukuwaikira kumbuyo anthu amenewa ngati ndi angelo. Ine zomwe ndimaona pa foni ya mdzukulu wanga ndi zotukwana ndi mabodza basi, munthu wobisa dzina n'kumanyoza mtsogoleri wa dziko. Ngati ku Egypt ndi ku Saudi Arabia akuwatsekera, mwina akudziwa chomwe akuchita."

Zikomo aphunzitsi. Zotukwana zilipodi, ndipo nanenso zimandinyansa. Koma tiyeni tione kuti otsekeredwawo ndi ndani. Raif Badawi wa ku Saudi Arabia sanabise dzina lake. Anatsegula tsamba pomwe anthu ankakambirana za mphamvu za akuluakulu achipembedzo m'dzikomo. Anamangidwa mu 2012, ndipo mu 2014 khoti linagamula kuti akakhale kundende zaka 10 komanso akwapulidwe zikoti 1,000. Lachisanu pa 9 Januwale 2015, mapemphero atangotha, anabwera naye atamangidwa unyolo kutsogolo kwa mzikiti mumzinda wa Jeddah, n'kumukwapula zikoti 50 zoyamba khamu likuonerera. Anatuluka mu Malichi 2022, koma analetsedwa kutuluka m'dzikomo kwa zaka zina 10, chikhalirecho mkazi wake Ensaf Haidar ndi ana awo atatu ali ku Canada.

Ku Egypt kuli Alaa Abd el-Fattah, yemwe wakhala akulowa ndi kutuluka m'ndende kuyambira 2006. Mu Disembala 2021 anamugamula zaka 5 pa mlandu wofalitsa nkhani zabodza. Cholakwa chake chinali kugawira anzake pa Facebook uthenga wonena za mkaidi yemwe anafera m'ndende. Zaka ziwiri zomwe anakhala pa rimandi sanamuchotsere pa chilangocho. Mayi ake, a Laila Soueif, anzanu a choko, aphunzitsi, chifukwa amaphunzitsa masamu pa yunivesite ya Cairo, anasala chakudya miyezi yambiri mpaka kugonekedwa m'chipatala ku London. Pulezidenti Abdel Fattah el-Sisi anadzamukhululukira mu Sepitembala 2025.

Apa ndi pomwe tasiyana maganizo, a Phiri. M'malamulo oletsa mabodzawa, wonena kuti ili ndi bodza ndi boma lomwe likudzudzulidwalo. Mlandu wa mbuzi sapatsa fisi kuti aweruze. Munthu akakunamizirani, kukhoti kulipo, akakulipireni chipukuta misozi. Koma chikoti ndi ndende chifukwa cha mawu, ine ndikukana ndi mtima wanga wonse.

Kalata yachiwiri ndi ya Nabanda, wophunzira ku Zomba. Akufunsa kuti: "Achimwene, kodi n'zoona kuti Facebook ndiyo inagwetsa maboma a Tunisia ndi Egypt mu 2011? Nanga ngati n'choncho, bwanji anthu akumangidwabe?"

Achemwali, foni payokha sigwetsa boma. Mohamed Bouazizi, wogulitsa zipatso, atadziotcha mumzinda wa Sidi Bouzid ku Tunisia pa 17 Disembala 2010, wailesi ndi nyuzipepala za boma zinkabisa zomwe zinkachitika. Lina Ben Mhenni, mtsikana yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ku Tunis, ananyamula kamera n'kupita komweko, ku Regueb ndi ku Kasserine, kukajambula ovulala ndi ophedwa ndi apolisi, n'kuziika poyera m'dzina lake lenileni. Ntchito yake inali yoti anthu aone. Otsiriza ntchito anali mabungwe a anthu apantchito, maloya ndi chinamtindi cha anthu mumsewu, mpaka Pulezidenti Ben Ali anathawa pa 14 Januwale 2011. Ku Egypt boma linazimitsa intaneti pa 28 Januwale, koma anthu anangochulukirachulukira pabwalo la Tahrir mumzinda wa Cairo, ndipo Pulezidenti Mubarak anatula pansi udindo pa 11 Febuluwale.

Chomwe chachitika kuyambira pamenepo n'chakuti maboma anaphunzirapo, ndipo chida chawo tsopano ndi lamulo. Ku Tunisia komweko, lamulo nambala 54 la Pulezidenti Kais Saied, la mu 2022, limapereka zaka 5 kwa wofalitsa zomwe ati n'zabodza, ndipo zaka 10 ngati wonenedwayo ndi wogwira ntchito m'boma. Ku Ethiopia, achinyamata 6 a gulu la olemba pa intaneti lotchedwa Zone 9 ndi atolankhani atatu anamangidwa mu Epulo 2014 pa milandu ya uchigawenga, ndipo ena mwa iwo anakhala m'ndende chaka ndi theka khoti lisanawapeze osalakwa. A Tanzania mu 2018 analamula kuti wolemba pa intaneti azigula chiphaso cha madola pafupifupi 900. A Uganda chaka chomwecho anaika msonkho wa mashilingi 200 pa tsiku kwa aliyense wofuna kulowa pa WhatsApp kapena Facebook. Mwa onsewa, wa ku Uganda ndi womwe umandiwawa kwambiri, popeza unkatseka pakamwa osauka okha.

Yomaliza yachokera kwa mayi Nangozo a ku Mchinji. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna amalemba pa Facebook za mtengo wa feteleza ndi kusowa kwa mafuta. Ine ndinaona mu 1992 anthu akutengedwa chifukwa chosunga kalata ya maepiskopi. Tulo sindikuliona. Ndimuletse?"

Amayi, mantha anu ali ndi pogwira, koma musamuletse. Gawo 35 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa mlandu wakale uja wodzetsa chidani pa boma kudzera m'zolankhula, ndipo mu Julaye 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkamangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Komabe sindingakunamizeni: lamulo la za intaneti la 2016 likadalipo, ndipo apolisi aligwiritsapo ntchito kunjata anthu chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook.

Mumuuze mnyamatayo kuti azilemba zomwe waona ndi maso ake: thumba la feteleza lili pa mtengo wakuti, pamsika wakuti, tsiku lakuti, ndipo risiti kapena chithunzi azisunga. Mauthenga a mawu ongomva kwa anthu asamawatumize kwina asanatsimikize. Zikavuta n'kutengedwa, gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limanena kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete mpaka ataonana ndi loya. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, komanso kadziwitseni a Malawi Human Rights Commission tsiku lomwelo, osadikira mawa.