Penti wa mafuta sathetsa chinyezi pakhoma

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tili pakhoma la pabalaza lomwe kumunsi kwake penti wafufuma, akusendeka ngati makoko a mtedza, ndipo pansi pagwera tiufa toyera. Ngati kwanu zili chomwechi, musachoke. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kaja, nkwaulere.

Choyamba, zida: chopalira chachitsulo, bulashi ya waya, sandipepa, hamala ndi tchizulo, rola. Mangani nsalu pamphuno, fumbi lake ndi loipa. Basi, tipite.

Chachiwiri, dziwani kumene madziwo akuchokera. Dulani pepala la pulasitiki, mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, mulisiye masiku 2. Likachita timadontho kunja, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo, muzitsegula mawindo. Timadontho tikakhala mkati, mbali yokhudza khoma, ndiye kuti madzi ali m'njerwa.

Chachitatu. Apa ndiye pamene ndimakwiyira, ndipo mundipirire. Mukafunsa anthu, ngakhale amisiri ena, yankho ndi limodzi: "Bwana, ingopakani wa mafuta kumunsiko, atseka." Ayi, abale anga. Satseka kanthu.

Taonani njerwa yootchayi. Ndaiika m'beseni lokhala ndi madzi pang'ono chabe, koma onani mzere wonyowa pamene wafika. Njerwa ndi matope omangira zili ndi timabowo tosaoneka, timene timakoka madzi a m'nthaka kukwera nawo m'mwamba. Nthawi zambiri amakalekezera cha pa mita imodzi, chifukwa akamakwera amakhala akuuma ndi mpweya. Nchifukwa chake mzere wa chinyezi umathera cha m'chiuno, sufika kudenga.

Ndiye inu mwapaka penti wa mafuta. Mwatseka potulukira, polowera mwasiya. Madzi aja apita kuti? Amakankha pentiyo mpaka kutupa matuza, kapena amakwera kukatulukira pamwamba pa lamba mwapakayo. Mumayesa mwachiza, chonsecho mwangosamutsa vuto kulikweza. Ndipo ufa woyera uja si nkhungu ayi, ndi mchere umene madzi anyamula kuchokera m'dothi ndi m'njerwa. Ukamauma kuseri kwa penti umafufuma n'kutekesa pulasitala. Gogodani apa, mwamva kulira kwa mphako? Wasiyana kale ndi njerwa ameneyu.

Wina anena kuti, "Nanga m'zipatala ndi m'masukulu amapakiranji wa mafuta kumunsi?" Amapaka kuti azitsuka litsiro mosavuta, achimwene, pakhoma louma kale. Chinyezi sichikukhudzidwa pamenepo. Amene munanamizidwapo, tandiuzeni m'munsimu kuti penti wanu anakhala mvula zingati.

Chachinayi, tulukani panja, gwero lili kumeneko. Womanga bwino amayala pepala lakuda lija lotchinga madzi a m'nthaka, DPC, pamwamba pa maziko, ndipo liyenera kukhala masentimita osachepera 15 kuchokera pansi. Koma anthu amathira dothi la maluwa kutsamiritsa kukhoma mpaka kulikwirira, madzi n'kumalowa modumpha pepalalo. Fukulani dothi limenelo. Amayi, maluwawo asunthe, pepani. Onaninso pamene madzi a pamalata amagwera. Ikani gatala, ndipo wakani kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba, kotsetsereka kuloza kubwalo. Ngati pepalalo sanaike n'komwe, imeneyo si ntchito yapanokha, itanani mmisiri wodziwa. Za kawakidwe ka kakhondeka ndinaonetsa m'vidiyo ina, linki ili pansipa.

Chachisanu, gumulani pulasitala yense wowola, mupitirire masentimita 30 pamwamba pa mzere wonyowa. Kwechani mcherewo ndi bulashi youma, osathira madzi, mungaubwezere mkati. Khoma lisiyeni lipume. Ntchitoyi njabwino mu Ogasiti mpaka Okutobala, osati mu Januwale mvula ili pakati.

Chachisanu ndi chimodzi, pulasitala watsopano: muyezo umodzi wa simenti, inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Muzimwaza madzi kwa sabata, mudikire masiku 28, kenako penti woyambira, pulayimala wa pa pulasitala, ndi penti wa madzi, PVA, makoti awiri. Inde, masiku 28, ngakhale alendo a chinkhoswe ali m'njira.

Sabata ya mawa tiika matailosi kubafa, ndipo tikambirana za amene amamata guluu madontho asanu okha pa tailosi. Siyani like, tumizirani alandilodi anu vidiyoyi pa WhatsApp. Tionana!