Za mwana uja amati walodzedwa

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nonse mwamva za mwana uja wa kutsidya kwa dambo, zaka 3 koma osatchula ndi "amama" omwe. Anthu mpaka kulozana zala kuti walodzedwa. Atapita naye kuchipatala ku Kasungu boma anapeza kuti makutu akhala akutuluka mafinya kuyambira kale, samva bwino. Nanga mwana wosamva mawu awatenga kuti?

Ndiye gwirani ichi: muziyankhula naye mwana. Pa miyezi 6 wayamba kale "bababa", muyankheni. Pofika chaka amaloza nkhuku n'kukuyang'anani kumaso, akufuna muione limodzi. Nenani, "Eya, nkhuku, ikudya gaga." Pa zaka 2 azilumikiza mawu awiri, "amama madzi". Koma ife mwana ali kumsana tsiku lonse m'chigafa, tikusoka fodya, macheza ndi akuluakulu anzathu okha. Akalira, foni m'manja. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anatulutsa malangizo mu 2019 oti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere za pa foni kapena pa TV. Foni siyankha mwana. Muziyankhula naye.

Agogo mukuti bwanji? Mwana wolongolola amakula wamwano, sadziwa kudzigwira? Pepani agogo, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Mwana wodziwa mawu amanena kuti "ndakwiya", wopanda mawu amangoluma mnzake. Ndipo kudikira amaphunzira kwa ife. Ku Rochester, ku America, ofufuza analonjeza ana ena zinthu n'kubweretsadi, ena anawanamiza. Kenako aliyense anamuikira switi patsogolo, amvekere ukapanda kudya ndikuwonjezera wina. Osanamizidwa aja anadikira pafupifupi mphindi 12, onamizidwa mphindi 3 zokha. Nanga ife? "Tonthola, ndikakugulira mandasi," pobwera kumsika chimanjamanja. Mawa adzadikira chifukwa chiyani? Komanso agogo, wa zaka 3 sanafike pozindikira bwino kuti mnzake angaganize zosiyana ndi iye, zimenezo zimayamba kukhwima akafika zaka 4. Akalanda galimoto ya mawaya ya mnzake musathamangire mkwapulo, mufotokozereni.

Ndaona ena mwayamba kumanga zitenje, ndithamange. Muziyankhula naye, muzimuimbira, nthano za madzulo zibwerere. Kumkombaphala asamajombe. Khutu likatuluka mafinya, kapena wafika zaka 2 wopanda mawu, kusikelo msanga. Amene mwabwera ndi mabuku a kusikelo tsalani ndiwaone.